Zipatso za oganiki ndi zopopera mankhwala: mafunso ndi mayankho kwa ife a kuno ku Harare

Nkhani ya zipatso za oganiki yafika paliponse masiku ano, mu kombi, ku tchalitchi tikaweruka, olo pa maliro azimayi akuduladula tomato mumva wina akuti maapozi a m'shopu ndi poizoni yekhayekha, wina nkumati zonsezo n'za anthu a ku Borrowdale osowa pothera ndalama. Mafunso awa ndi amene amabwerabwera pakati pa ife olankhula Chichewa a ku Mbare, Mufakose, Highfield, Mabvuku, Epworth ndi kwina konse. Maganizo anga ndinenetu poyamba: kusiyana kulipo ndithu, makamaka pa mankhwala otsalira pa chipatso, koma kuno kwathu zimene zikutidwalitsa kwambiri ndi madzi amene timatsukira zipatsozo, ndipo mankhwalawo akupweteka kwambiri amene amapopera kusiyana ndi ife odya.

Kodi oganiki n'chiyani kwenikweni, si chimodzimodzi ndi chipatso cha kumudzi?

Zimayandikana koma si chimodzi. Chipatso amati n'cha oganiki ngati mlimi sanathire feteleza wa ku fakitale ngati Compound D kapena AN, sanapopere mankhwala a ku fakitale ophera tizilombo, sanaphe udzu ndi mankhwala ngati glyphosate, komanso mbewuyo si ya GMO, kutanthauza yosinthidwa chibadwa chake mu labotale. Iye amadalira manyowa, kompositi, kuphimbira nthaka ndi kupalira. Ndipo si zongonena pakamwa ayi, malamulo a mayiko ambiri amafuna kuti munda wa mitengo ya zipatso uthe zaka 3 osaona mankhwala oletsedwawo, ndiye pamabwera anthu odzayendera munda ndi mabuku a mlimi asanamupatse chizindikiro. Kuno ku Zimbabwe kuli bungwe la ZOPPA limene limayang'anira chizindikiro cha Zim Organic, ndipo a Fambidzanai cha ku Mount Hampden akhala akuphunzitsa alimi ulimi woterewu kuyambira 1988.

Tsono mtengo wa mango umene anabzala agogo kuseli kwa nyumba ku Mufakose, umene sunalawepo feteleza kapena mankhwala chiubzalire, ulibe setifiketi koma mango ake sasiyana ndi aja a lebulo. Ambirife takula tikudya zotere.

Nde za oganiki sizipoperedwa chilichonse?

Zimapoperedwa. Apa anthu ambiri amadabwa. Alimi a oganiki amaloledwa mankhwala ena monga a kopa, salufa, pyrethrum wochokera ku maluwa, nimu, ndi Bt amene ndi bakiteriya wopha mbozi. Ambiri mwa amenewa amasungunuka msanga ndi dzuwa, nde satsalira kwambiri pa chipatso, koma kopa yekha ukamuthira chaka ndi chaka amaunjikana m'nthaka.

Komanso tisamaganize kuti chilichonse chochokera ku mtengo n'chofatsa. Amene tinakulira kumudzi tikudziwa kuti ombwe amapha nsomba padziwe. Madzi onyikamo fodya amene alimi ena amapopera m'dimba ali ndi nikotini, ndipo malamulo a oganiki a ku Amerika amawaletsa kumene chifukwa ndi poizoni kwa munthu.

Kodi za oganiki zili ndi mavitamini ambiri?

Akatswiri akangana pa funso limeneli kwa zaka. Mu 2009 a London School of Hygiene and Tropical Medicine anaunika malipoti a kafukufuku a zaka 50 ndipo sanapeze kusiyana kwenikweni pa zakudya zofunika m'thupi. Mu 2012 a ku yunivesite ya Stanford ku Amerika anasonkhanitsa malipoti oposa 200, nawonso anati mavitamini ndi ofanana ndithu. Kenako mu 2014 gulu lotsogoleredwa ndi yunivesite ya Newcastle linaunika malipoti 343 nkupeza kuti mbewu za oganiki zili ndi ma antioxidant (zinthu zoteteza maselo kuti asawonongeke) ochulukirapo, komanso cadmium wocheperapo pafupifupi ndi theka. Cadmium ndi chitsulo choipa chimene chimapezeka mu feteleza wina wa fosifeti ndipo chikaunjikana chimawononga impso, koma kusiyanako kunaoneka kwambiri pa mbewu ngati tirigu, osati pa zipatso kwenikweni.

Za ma antioxidant zikumveka, chifukwa chomera chimene sichikutetezedwa ndi mankhwala chimapanga zodzitetezera chokha, ndipo chimene sichinakhute nayitirojeni sichidzaza madzi. Koma kuti munthu wodya zimenezo amakhala ndi moyo wautali chifukwa cha kusiyana kumeneko, palibe anatsimikiza.

Chimene chimasintha mavitamini kwambiri ndi mtundu wa chipatso, kupsa kwake, ndi masiku amene chakhala chithyolereni. Gwafa ali ndi vitamini C woposa mamiligalamu 200 pa magalamu 100 alionse, pomwe lalanje ali ndi pafupifupi 50. Ndiye kuti gwafa wa pa mpanda wa aneba, kaya anathiridwa feteleza kaya ayi, akuposa lalanje la oganiki kanayi konse. Ine zimandiwawa kuona magwafa akuwolera pansi m'malokeshoni umu ana akumwa zotsekemera za m'mapaketi.

Nanga mankhwala otsalira, alipodi pa zipatso zimene timagula?

Apa nde pamene oganiki amapambana mosakayikitsa. A Stanford aja anapeza zotsalira za mankhwala pa zokolola 38 mwa 100 zilizonse zolimidwa ndi mankhwala, pomwe pa za oganiki zinali 7 mwa 100. A Newcastle anati zopopera zimapezeka ndi zotsalira kanayi kuposa za oganiki. Chinanso n'choti pa kafukufuku wotuluka mu 2006, akatswiri ku Seattle ku Amerika anatenga ana 23 nkuwasinthira ku zakudya za oganiki kwa masiku 5 okha, ndipo zizindikiro za mankhwala ophera tizilombo a malathion ndi chlorpyrifos mu mkodzo wawo zinatsika mpaka osaonekanso, atabwerera ku zakudya zakale zinabwereranso. Ndiye n'zoona kuti zimene timadya zimalowadi m'thupi.

Koma kupezeka kwa mankhwala si kuchuluka kwake. Pali malire amene bungwe la Codex Alimentarius, la FAO ndi WHO, limaika pa mankhwala alionse, ndipo amaikidwa pansi kwambiri pa mulingo umene ungadwalitse munthu. Ku Ulaya ndi ku Amerika akamayeza, zipatso zambiri zedi zimapezeka pansi pa malirewo.

Vuto lathu n'lakuti kafukufuku ameneyu anachitika ku mayiko amene amayeza pafupipafupi. Kuno zipatso zimene zimayezedwa mwamphamvu ndi zopita kunja, mabuluberi, malalanje, mapeyala a ku Chipinge, chifukwa ogula a ku Ulaya akapeza zopitirira malire amabweza katundu yense. Dengu limene latsika pa lole m'bandakucha pa Mbare Musika silidutsa mu labotale iliyonse. Botolo lililonse la mankhwala limalembedwa masiku oyenera kudikira kuchoka popopera kufika pokolola, ndipo chitetezo chonse cha ife odya chagona pa masiku amenewo, koma mlimi akamva kuti mtengo wakwera pa msika ndipo ana akufunika fizi, yesero lothyola masiku asanakwane ndi lalikulu. Zimenezi zimachitika kwambiri pa tomato ndi masamba kusiyana ndi zipatso za m'mitengo. Mango ambiri ochokera ku Mutoko ndi ku Murehwa ndi a mitengo ya pakhomo imene imangodzikulira.

Kodi n'zoona kuti zipatso zopopera zimayambitsa khansa?

Pali kafukufuku wamkulu muwiri amene amatchulidwa kawirikawiri ndipo sakugwirizana. Wa ku France wotchedwa NutriNet-Santé, wotuluka mu 2018, anatsata anthu pafupifupi 69,000 nkupeza kuti amene amadya za oganiki kwambiri anadwala khansa mocheperapo ndi 25 peresenti. Wa ku Britain wotchedwa Million Women Study, wotuluka mu 2014, anatsata azimayi oposa 600,000 ndipo sanapeze kusiyana pa khansa zonse pamodzi, kupatula mwina pa khansa ina ya m'magazi yotchedwa non-Hodgkin lymphoma, imene a ku France nawonso anaiona ikucheperako.

Chovuta ndi choti munthu wogula za oganiki nthawi zambiri amakhala wa ndalama, wophunzira, sasuta, amachita majowajowa, amapita ku chipatala msanga, nde kulekanitsa kuti chamuteteza ndi chiti n'kovuta olo akatswiri ayesetse bwanji. Mu 2015 bungwe la IARC, nthambi ya WHO yoona za khansa, linaika glyphosate, malathion ndi diazinon m'gulu la zinthu zimene zikuoneka kuti zingayambitse khansa, ngakhale mabungwe a ku Ulaya ndi ku Amerika anatsutsa pa glyphosate. Umboni wambiri wa anthu umene a IARC anagwiritsa ntchito unali wa alimi ndi opopera, osati wa anthu odya apozi.

Ndipo abale anga, khansa imene ikutha azimayi kwambiri muno mu Zimbabwe komanso kwathu ku Malawi ndi ya khomo la chiberekero, imene imabwera ndi kachilombo ka HPV. Katemera wa atsikana alipo, kuyezetsa khomo la chiberekero kumene amati VIAC kulipo m'makiliniki. Mayi amene akuopa khansa ayambe wapita kumeneko asanayambe kuopa mphesa.

Ndani amene mankhwalawa akumupweteka kwenikweni?

Funso ili silifunsidwa kawirikawiri koma kwa ife ndi limene likutikhudza kuposa onse. Makolo athu ambiri anabwera kuno pa Mthandizi, ena pa malole a Ulere, ena wapansi, kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi, ndipo mpaka lero ana ndi zidzukulu zawo adakali m'makomboni a ku Mazowe, Ruwa, Marondera, Norton. Amene amabereka sipuleya kumsana m'minda ya malalanje, ya maluwa ndi ya fodya nthawi zambiri ndi achibale athu. Inu mukudya kadontho kotsalira pa khungu la chipatso, iye akusakaniza mankhwala osasungunula ndi manja, sipuleya ikudontha kumsana tsiku lonse, mphepo ikumubwezera kumaso.

Mankhwala a gulu la organophosphate, monga dimethoate amene ambiri timamudziwa kuti Rogor, malathion ndi chlorpyrifos, amasokoneza mmene minyewa imatumizira uthenga m'thupi. Munthu akalowedwa kwambiri amatuluka malovu ambiri, thukuta, misozi, amasanza, kutsegula m'mimba, mboni za m'maso zimachepa, minofu imanjenjemera, kenako amabanika. Zikatere muvuleni zovala zonyowazo, musambitseni ndi sopo ndi madzi ambiri, musamusanzitse, musataye nthawi ndi mkaka kapena mafuta ophikira, thamangani naye ku chipatala mutatenga botolo la mankhwalawo kuti adokotala aone chimene chamulowa. Mankhwala othandiza alipo, atropine, koma amafuna kufika msanga.

Palinso zovulaza za pang'onopang'ono. Kafukufuku wa ku New York ndi wa m'minda ya ku Salinas Valley ku California anaonetsa kuti ana a amayi amene analowedwa kwambiri mankhwala a gulu limeneli ali oyembekezera ankatsalira pa kakulidwe ka ubongo, ndipo European Union inaletsa chlorpyrifos mu 2020. Paraquat wophera udzu analetsedwa kumeneko mu 2007, alibe mankhwala omuchotsa m'thupi, ndipo kafukufuku wambiri amamulumikiza ndi matenda a Parkinson.

Kuno mabotolo amakhala ndi chizindikiro cha makona atatu: chobiriwira ndi chocheperako mphamvu, kenako chachikasu, chofiira, ndipo chapepo ndi choopsa kuposa zonse. Ngati muli ndi mlongo kapena malume ku famu muuzeni aziyang'ana chizindikirocho, azifunsa ovolosi, magolovesi, majombo ndi chotchinga mphuno, asamasute kapena kudya ali mkati mopopera, ovolosi ichapidwe payokha osati pamodzi ndi zovala za ana. Mayi woyembekezera asagwire sipuleya olo tsiku limodzi. Ndipo chonde mankhwala asathiridwe m'botolo la zakumwa, ana ambiri amamwa chifukwa cha zimenezo, chigubu cha mankhwala nacho chisasanduke chotungira madzi. Kwa ine chifukwa champhamvu kwambiri chogulira za oganiki, amene angakwanitse, ndi anthu amenewa.

Ana ang'ono ndi amayi oyembekezera tiziwagulira za oganiki zokhazokha?

Ngati thumba likulola, iwowa ndi oyamba, chifukwa mwana amadya zambiri poyerekeza ndi kulemera kwa thupi lake ndipo ubongo wake ukukula. Koma ngati thumba silikulola musamumane chipatso. Bungwe la madokotala a ana ku Amerika linanena mu 2012 kuti chofunika kwambiri ndi choti mwana azidya zipatso ndi masamba okwanira, zikhale za oganiki kapena ayi. Msendereni, mupatseni nthochi, papaya, peyala, mango.

Ndi zipatso ziti zimene zimasunga mankhwala kwambiri?

Za khungu lopyapyala zimene timadya ndi khungu lomwe: sitiroberi, mphesa, mapichesi, maapozi. Izi zimagwidwa msanga ndi tizilombo ndi nkhungu nde zimapoperedwa kangapo pa nyengo imodzi. Bungwe la EWG ku Amerika limatulutsa mndandanda chaka chilichonse ndipo sitiroberi amakhala kumtunda nthawi zonse, pomwe mapeyala, chinanazi, papaya, mango ndi mavwende zimakhala m'gulu la zoyera kwambiri. Mwayi wathu ndi woti zimene zimatchipa kuno ndi zomwezo za makoko olimba, nthochi za ku Honde Valley, mapeyala, mango m'dzinja. Mphesa ndi maapozi ambiri a m'mashopu akuluakulu amachokera ku South Africa, ena maapozi ndi a ku Nyanga.

Malalanje ndi mandimu a m'mafamu akuluakulu amapakidwa mankhwala oletsa kuwola atathyoledwa kale, monga imazalil ndi thiabendazole, ndipo amakhala pa khungu. Posenda palibe vuto, ingosambani m'manja. Koma amene mumapala khungu la ndimu mu keke kapena kuwiritsa ndimu lonse ndi makoko ake mukadwala chimfine, pezani la pakhomo.

Kutsuka kumachotsa mankhwala? Titsuke bwanji?

Kumachotsa ena a pamwamba, osati onse. Pali mankhwala amene amalowa mkati mwa chomera ndipo amenewo olo mutsuke maulendo khumi sachoka. Tsukani ndi madzi oyenda mukutikita ndi manja, osangoviika m'beseni limodzi zipatso zonse. Sopo wa mbale kapena safu ayi, chifukwa naye amatsalira. Mu 2017 a ku yunivesite ya Massachusetts anayesa maapozi a Gala nkupeza kuti kuwanyika mphindi 12 mpaka 15 m'madzi a soda wophikira kumachotsa pafupifupi zonse za pamwamba, koma zimene zinalowa kale m'khungu zinatsala. Mulingo wake ndi pafupifupi timasupuni tiwiri ta tiyi pa lita imodzi, kenako mutsukuluze. Kusenda kumachotsa zambiri koma mukutayanso zakudya zina zimene zili m'khungu.

Tsopano nkhani yeniyeni ya mu Harare muno: madziwo ndi otani? Kolera wa 2008 mpaka 2009 anapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno ndipo Budiriro inavutika koopsa. Mu September 2018 anabukanso ku Glen View ndi Budiriro, mu 2023 anabweranso mpaka Kuwadzana inakhala pa moto, tayifodi naye sachoka m'malokeshoni. Matenda amenewa amapha m'masiku ochepa, osati m'zaka 30. Chipatso chotsukidwa ndi madzi a chitsime chosaya chimene chili pafupi ndi paipi ya suweji yophulika chimatuluka choipa kuposa mmene chinalowera. Madzi a mjigo nawo si onse abwino, mijigo ina ya m'malokeshoni inapezekapo ndi tizilombo. Nde madzi otsukira chipatso chodya chachiwisi akhale omwewo amene mungamwe, owiritsa kapena othira klorini ngati WaterGuard kapena Aquatabs. Vwende kapena chinanazi chodulidwa kale pa renki, mpeni wake ukupukutidwa ndi kansalu kamodzi tsiku lonse, ine sindigulira mwana. Gulani chathunthu mukadule kunyumba, ndipo mutsuke kunja musanadule chifukwa mpeni umatenga za pakhungu nkulowetsa mkati.

Za oganiki nazonso zimafunika kutsuka?

Kwambiri. Manyowa osawola bwino amakhala ndi tizilombo toyambitsa matenda a m'mimba ta E. coli ndi Salmonella. N'chifukwa chake malamulo a oganiki a ku Amerika amati ndowe zaziwisi zithiridwe masiku 120 kukolola kusanafike ngati chokololacho chimakhudza dothi, ndi masiku 90 ngati sichikhudza. Mu 2011 ku Germany anthu oposa 50 anamwalira ndi E. coli wochokera ku mbewu zomeretsa za pa famu ya oganiki. Mango otola pansi pamene nkhuku ndi agalu zimayenda atsukidwe bwino, ndipo chipatso chimene chachita nkhungu chitayidwe, maapozi owola amapanga poizoni wotchedwa patulin.

Nanga za m'madimba a m'mbali mwa Mukuvisi ndi Marimba, poti sapopera?

Kusapopera sikutanthauza kuyera. Mitsinje imeneyi imalandira zonyansa za m'mafakitale ndi suweji isanakathire ku Manyame ndi Lake Chivero. Akatswiri a ku University of Zimbabwe cha m'ma 2005 ndi 2006 anayeza masamba othiriridwa ndi madzi oterewa, kuphatikizapo a ku Firle kumene amayeretsera suweji, nkupeza cadmium, mtovu, zinki ndi kopa zopitirira malire m'masamba a mpiru. Zitsulo zimenezi sizichoka ndi kutsuka kapena kuphika. Mwamwayi zipatso za m'mitengo sizikoka zitsulo kwambiri ngati masamba, koma zoyanga pansi ngati sitiroberi ndi mavwende zimakhudzana ndi madziwo mwachindunji. Pakhomo panunso, musabzale pamalo pamene mumawotchera zinyalala, pamene munatayira mabatire kapena oyilo wa galimoto.

Zipatso za m'tchire zili mbali iti?

Palibe amazipopera, palibe amazithira feteleza, ndipo pa Mbare zimabwera ndi nyengo yake: masuku, amene ogulitsa kuno amati mazhanje, mvula ikamayamba, masau ochokera ku Muzarabani nthawi yozizira, malambe, matowo, mateme. Malambe ndi masau ali ndi vitamini C wambiri. Ufa wa malambe womwewo umagulitsidwa ku Ulaya m'mapaketi okwera mtengo, European Union inauvomereza mu 2008. Chenjezo lake ndi laukhondo basi, masau amayanikidwa pansi nde amakhala ndi fumbi ndi mchenga, ankhungu asiyeni, ndipo mateme adyedwe akapsa osatafuna nthangala zake.

Nthochi zopsetsa ndi mankhwala, phula la pa maapozi, mango akuluakulu aja si a GMO?

Zitatu zosiyana. Nthochi za m'mashopu zimapsetsedwa m'zipinda ndi mpweya wa ethylene, umene chipatso chimatulutsa chokha chikamapsa, ndi womwewo umene umagwira ntchito mukafundika mapeyala m'thumba limodzi ndi nthochi yakupsa. Umenewo ulibe vuto. Choipa ndi kabaidi, uja wa owotcherera zitsulo, chifukwa amakhala ndi zotsalira za arsenic ndi fosiforasi, ndipo mayiko ngati India anamuletsa popsetsa zipatso. Nthochi yachikasu bwinobwino kunja koma mkati yolimba, yosatsekemera, ikhoza kukhala yokakamizidwa kupsa.

Phula la pa maapozi ndi lodyedwa, nthawi zambiri la carnauba lochokera ku masamba a mtengo wa ku Brazil kapena shellac, ndipo apozi limapanganso phula lakelake. Amapaka kuti lisafote.

Mango akuluakulu opanda ulusi ngati Tommy Atkins, Kent ndi Keitt ndi mitundu yomezanitsa chabe, inachokera ku Florida kalekale GMO isanabwere. Zipatso za GMO pa dziko lonse n'zowerengeka, monga papaya wa ku Hawaii.

Ndili ndi shuga, wina ali pa ma ARV, oganiki angathandize?

Oganiki si mankhwala. Shuga wa mu mango a oganiki amakweza shuga m'magazi chimodzimodzi ndi wa mango ena, nde chofunika ndi mulingo, chipatso chathunthu osati juwisi, ndipo osadya mango asanu nthawi imodzi poti ndi a pakhomo. Aliyense amene akukuuzani kuti musiye ma ARV, mapilitsi a BP kapena a shuga chifukwa mwayamba zakudya zachilengedwe akukuphetsani, olo atakhala wa mpingo wanu. Amene chitetezo chawo chatsika asamale kwambiri za kutsuka ndi kusenda. Grapefruit amasokoneza mankhwala ena a BP monga nifedipine, ena a mafuta a m'magazi ndi ena a HIV, funsani ku famase kapena ku kiliniki. Odwala impso nawo afunse za nthochi ndi mapeyala chifukwa cha potaziyamu.

Ndingadziwe bwanji kuti chimene akundigulitsa ndi cha oganiki zoona?

Ndi maso simungadziwe. Chikomekome cha nkhuyu mkati muli nyerere, komanso chipatso cha mawanga kapena cha mphutsi si umboni woti sichinapoperedwe, mwina anapopera koma mochedwa. M'shopu yang'anani chizindikiro cha bungwe limene linayendera famuyo, ndipo pa zipatso zochokera kunja kasitika ka manambala asanu koyamba ndi 9 kamatanthauza oganiki. Kumisika ya alimi ngati wa Maasdorp ku Belgravia mutha kumufunsa mlimi mwini wake kuti amathira chiyani nsabwe za m'masamba zikabwera, amene amalimadi motero amayankha mwatsatanetsatane osazengereza. Pa msika wamba mawu oti oganiki aliyense atha kuwanena kuti akwezere mtengo.

WHO imati munthu azidya magalamu 400 a zipatso ndi masamba pa tsiku, ndipo ambirife sitifikako. Ngati madola awiri angagule kapaketi kamodzi ka oganiki kapena mulu wa nthochi ndi mapeyala wokwanira nyumba yonse, tengani muluwo.

Mango a pakhomo panga amalowa mphutsi chaka chilichonse, ndichite bwanji osapopera?

Zimenezo ndi ntchentche za zipatso, makamaka mtundu wa Bactrocera dorsalis umene unachokera ku Asia nkufalikira mu Africa muno kuyambira 2003. Yaikazi imaboola khungu nkuikira mazira mkati, nde kupopera pamwamba mphutsi zili kale mkati n'kungowononga ndalama ndi kudzithira poizoni pabwalo pamene ana amasewera. Mphutsi zikakhwima zimatuluka nkulowa m'dothi pansi pa mtengo, kumeneko n'kumene zimasanduka ntchentche zatsopano. Choncho tolani zipatso zonse zakugwa tsiku lililonse, za magwafa zomwe, muzimange m'thumba la pulasitiki lakuda nkuliika padzuwa masiku angapo, kapena muzikwirire dzenje lakuya theka la mita. Osazitaya pa kompositi poyera.

Mango amene mukuwafikira avekeni timatumba ta pepala akadali aang'ono, nyuzipepala yopinda nkumanga ndi ulusi imagwira ntchito. M'mashopu a zaulimi mumapezeka misampha ya methyl eugenol imene imakoka zazimuna, mumaipachika mu mtengo osakhudza chipatso. Thyolani mango akakhwima asanafewe, akapsere m'nyumba. Ndipo lankhulani ndi aneba a mbali zonse kuti nawonso azitola, chifukwa ntchentchezi zimauluka kudutsa mpanda, mtengo umodzi wosasamalidwa pa laini umadzazanso mitengo ya nyumba zonse zoyandikana.